ZITSONONKHO ZIŴIRI ZA KU CHICAGO

Mlendo woyenda pa bwato mumtsinje wa Chicago, mzinda waukulu wa m'chigawo cha Illinois m'dziko la America, akafika pa mlatho wa msewu wa State amaona nyumba ziŵiri zobulungira zitaima moyandikana kumpoto kwa mtsinjewo. Dzina lake lenileni ndi Marina City, koma eni mzinda adazipatsa lina kalekale: amati zitsononkho. Mlimi wa ku Dedza kapena wa ku Mzimba ataziona angavomereze kuti dzinalo nloyenera, pakuti makonde ake, osanjikizana kuzungulira nyumba yonse mpaka pamwamba, amaoneka ngati timaenje totsala chimanga chikatonoledwa. Iliyonse mwa nyumbazi njotalika mamita 179. Pamene zidamalizidwa mu 1964, padalibe nyumba yogonamo anthu yotalika kuposa izi pa dziko lonse lapansi, ndipo padalibenso ina yomangidwa ndi konkire yozifika.

Zidamangidwa kuti zionetse moyo wofeŵa wa m'tsogolo. Lero zapitirira zaka 60, ndipo mbiri yake ikuunikira funso limene likusautsa mizinda yambiri ya maiko olemera: kodi nyumba yotere ikakalamba, pamene eni ake ndi anthu mazanamazana osadziŵana, amaisamala ndani, ndipo ndi ndalama za yani?

Chiyambi cha nkhaniyi ndi mantha a anthu osesa. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mabanja a ku America amene adali ndi kangachepe adayamba kusamuka m'kati mwa mizinda. Boma lidali kuwathandiza kupeza ngongole zogulira nyumba zatsopano kunja kwa mzinda, misewu ikuluikulu idali kulambulidwa, ndipo galimoto idali kusanduka chinthu cha pakhomo paliponse. Padalinso tsankho, chifukwa azungu ambiri sadafune kukhala pafupi ndi anthu akuda amene adali kufika kuchokera kumwera kwa dzikolo. Mu 1950 Chicago adali ndi anthu oposa 3.6 miliyoni, pofika 1990 adatsala osakwana 2.8 miliyoni. Mmodzi mwa amene adaona msanga kumene zinthu zinkaloŵera adali William McFetridge, mtsogoleri wa bungwe la apantchito osamala nyumba: osesa, osonkhezera moto wotenthetsa nyumba m'nyengo yachisanu, oyendetsa zikepe ndi ena otero. Masamu ake adali apafupi. Anthu akachoka mumzinda, nyumba zalendi zikhala mabwinja, ndipo bwinja silifuna wosesa. Choncho adaganiza zoti bungwe lake liike ndalama pa nyumba yokongola kotero kuti munthu wa malipiro abwino asiye kulakalaka kapinga wa kunja kwa mzinda. Mfumu ya mzindawo, Richard J. Daley, amene adali bwenzi lake, adagwirizana nazo.

Mapulani adalemba Bertrand Goldberg, mbadwa ya mumzinda momwemo, amene adaphunzirako ku sukulu yotchuka ya Bauhaus ku Germany. Goldberg adatopa ndi nyumba zonga mabokosi. Iye adaimika mzati waukulu wa konkire pakati, wokhala ndi zikepe, makwerero, mapaipi ndi nthambo za magetsi m'kati mwake, ndipo zipinda adazizunguliza pa mzatiwo m'magawo 16, monga momwe masamba a duŵa amakhalira. Nyumba iliyonse ya munthu idayamba yopapatiza pakhomo ndi kunka nitambasuka mpaka kukathera pa khonde loyang'ana kunja. Ntchito idayamba mu November 1960, anthu oyamba adaloŵa mu 1962, ndipo malo onsewo adadya ndalama pafupifupi madola 36 miliyoni. Bungwe la boma lotsimikizira ngongole za nyumba, la Federal Housing Administration, lidazoloŵera kuthandiza mabanja a ana kunja kwa mizinda, ndiye padatenga kukambirana kuti livomere kuimira nyumba za mbeta, za mabanja opanda ana ndi za okalamba pakati pa mzinda.

Nkoyenera kudziŵa bwino chimene anthu a nthaŵi imeneyo ankachitcha ulemerero, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Nsanjika 19 zoyambirira za chitsononkho chilichonse sizidali zogonamo anthu koma zosungiramo magalimoto, pa njira yokwera mozungulira ngati chigoba cha nkhono. Munthu ankasiya galimoto yake pansi, wantchito nkuikweza. Pa nsanjika ya 20 padali chipinda cha makina ochapira zovala cha anthu onse, chokhala ndi mazenera oonera mzinda. Kuyambira pa 21 mpaka pa 60 ndiye padali nyumba zokhalamo, zonse pamodzi pafupifupi 900, ndipo pamwamba penipeni padali bwalo lopitirako mphepo. Pansi padali dooko la mabwato, masitolo, malo odyera, dziŵe losambiramo, bwalo la madzi oundana lotsetserekapo, nyumba ya zisudzo ndi ina ya maofesi. Goldberg ankati ndi mzinda m'kati mwa mzinda. Zonse zinkayendera magetsi okhaokha, ndipo nyumba iliyonse idali ndi makina akeake otenthetsa madzi, otenthetsa m'nyumba ndi oziziritsa, chinthu chimene pa nthaŵiyo chidali chachilendo. Koma zipinda zenizenizo zidali zazing'ono. Zambiri zidali za chipinda chogona chimodzi, zina zidalibe nchogona chapadera chomwe, ndipo khitchini idali kamalo kopapatiza ka makabati achitsulo. Chuma cha nyumbayo chidali m'zinthu zogwiritsa ntchito pamodzi. Munthu ankagona mochepa, koma akatuluka pakhomo pake ankakhala ngati mfumu.

Kwa zaka 15 zoyamba onse okhalamo adali alendi. Denga likadontha kapena chikepe chikafa, udali mutu wa mwini nyumba. Bungwe la osesa lija lidachotsamo dzanja lake patangopita zaka zochepa, ndipo mu 1977 eni ake adachita zimene eni nyumba ambiri a ku Chicago adali kuchita m'zaka zimenezo: adagulitsa nyumbazo imodziimodzi kwa anthu, mwa dongosolo lotchedwa condominium.

Womvera angafunse kuti, kodi munthu angagule bwanji chipinda cholenjekeka m'mwamba, chimene pansi pake ndi denga la mnzake, denga lake nkukhala pansi pa wina? Maganizowa ngakale ndithu. Malamulo a ku France a 1804, a nthaŵi ya Napoleon, adavomereza kale kuti nsanjika za nyumba imodzi zingakhale ndi eni osiyana. Ku America adafika mochedwa, kudzera pa chilumba cha Puerto Rico chimene chidakhazikitsa lamulo lake mu 1958. Mu 1961 aphungu a ku Washington adaloleza boma kutsimikizira ngongole zogulira nyumba zotere, ndipo chigawo cha Illinois chidapanga lamulo lake mu 1963. South Africa idatsatira mu 1971, nchifukwa chake abale amene adakhalako m'mafulati a ku Johannesburg amalidziŵa bwino liwu loti levy. Dongosolo lake nlotere. Wogula amalandira chikalata cha umwini wa m'kati mwa makoma ake. Pamodzi ndi icho amalandiranso, afune asafune, kagawo ka zonse za pamodzi: maziko, mizati, denga, zikepe, makonde, mapaipi oyenda m'makoma. Eni onse amapanga bungwe, amasankha komiti, ndipo aliyense amapereka ndalama mwezi ndi mwezi molingana ndi kukula kwa gawo lake. Anthu a kumudzi amene ali ndi komiti ya mjigo akudziŵa kale momwe zimayendera, ndi momwe zimavutira, kungoti mjigo uwu ngwotalika mamita 179 ndipo eni ake amagona m'kati mwake.

Chifukwa chimene eni nyumba adathamangira kugulitsa m'zaka za m'ma 1970 sichidali chobisika. Mafuta adakwera mtengo kuyambira 1973, katundu yense adakwera nawo, misonkho ndi malipiro a antchito zidakwera, koma lendi sinkatha kuthamanga liŵiro lomwelo. Kugulitsa zipinda chimodzichimodzi kunkabweretsa ndalama zambiri kuposa kugulitsa nyumba yonse kwa munthu mmodzi. Kumbali ya wogula nakonso kudali nyambo. Ndalama zinkatha mphamvu chaka ndi chaka, choncho kudali kwanzeru kuziika pa nyumba, ndipo boma linkachotsera munthu msonkho pa chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba, chinthu chimene mlendi sankachilaŵa. Nyumba za m'mwamba mwa John Hancock Center, chinyumba cha nsanjika 100, zidagulitsidwa motero mu 1973, ndipo zina zambiri za m'mphepete mwa nyanja ya Michigan zidatsatira. Ogula adasangalala kuti tsopano ndi eni. Ochepa okha ndiwo adaŵerengera kuti wogulitsayo wawasiyira nyumba pa msinkhu umene imayamba kudwala, ndi kuti ukalamba wake wonse udzakhala pa mapeŵa awo.

Matenda a nyumba ya konkire amayamba mwakachetechete. M'kati mwa konkire mumayalidwa zitsulo, ndipo malinga ngati madzi sazifika zimakhala zaka zambirimbiri. Koma Chicago ndi mzinda wa chisanu choopsa. Madzi a mvula amaloŵa m'timing'alu tosaoneka, usiku amaundana, ndipo madzi akaundana amatupa nakulitsa mng'aluwo. Masana amasungunuka naloŵa m'kati kwambiri. Zikatero kwa zaka 20 kapena 30 amafika pa chitsulo, chitsulo chimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chenichenicho, ndipo konkire imasweka kuchokera m'kati nigwa zibenthuzibenthu. M'malo osungira magalimoto vutoli limakula msanga chifukwa matayala amabweretsa mchere umene amathira m'misewu kuti madzi asaundane. Akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono makonde aja amene adatchukitsa Marina City, oposa chikwi chimodzi, onse ali pamtetete, mvula ndi chisanu zikuwamenya pamwamba, pansi ndi m'mbali momwe. Kukonza khonde limodzi pa nsanjika ya 50 kumafuna amisiri olenjekeka pa zingwe, ndipo ntchito yokonza makonde ndi zitsulo zake zotchinga yakhala ikubwerezedwa m'zaka zapitazi.

Pamwamba pa konkire pali zina. Chikepe chimafuna kukonzedwanso kotheratu chikatumikira zaka 25 kapena 30. Mapaipi oyenda kuchokera pansi mpaka pamwamba amadyeka, ndipo kuwasintha kumafuna kugumula khoma m'nyumba ya aliyense. Mazenera a galasi limodzi a m'ma 1960 amataya kutentha, ndipo mwini amakulipira pa bilu ya magetsi. Mzinda nawo udaonjeza malamulo ake, ndipo palibe anganene kuti udalakwa. Kuyambira 1996 nyumba zazitali za ku Chicago ziyenera kupimidwa makoma akunja nthaŵi ndi nthaŵi, chifukwa zibenthu zidali kugwera m'misewu. Mu October 2003 moto udapha anthu 6 m'nyumba ya maofesi a boma la Cook County, ndipo chaka chotsatira mzinda udalamula kuti nyumba zazitali zomangidwa chisanafike chaka cha 1975 ziunikidwe ndi kuikidwa zitseko zotchinga moto ndi zida zochenjezera anthu. Kenaka pali inshuwalansi, magetsi a m'makonde, kutaya zinyalala, kampani yoyendetsa nyumba, ndi malipiro a alonda, osesa ndi amisiri. Apa pali chinthu chimene McFetridge akadamwetulira nacho. Bungwe lake, limene lidasintha dzina mu 1968 nkukhala Service Employees International Union, likuimirabe osesa ndi alonda a m'nyumba zazitali zambiri za mumzindawo. Ntchito zimene ankafuna kuteteza zidapulumuka. Olipira ake tsopano ndi eni zipinda.

Zonsezi zimaloŵa m'chopereka cha pamwezi, ndipo msonkho wa nyumba umabwera paokha. Munthu angathe kumaliza ngongole yake ya ku banki, koma chopereka ichi sichitha, chimangokwera. Wolephera kulipira sangathaŵire kulikonse, popeza malamulo a ku Illinois amalola bungwe la eni kupita ku bwalo la milandu, kumtulutsa m'nyumba yake yomwe, ndi kuichititsa lendi mpaka ngongole itakwana.

Vuto lalikulu koposa silikhala pa konkire koma pa msonkhano. Nyumba yanzeru imasunga ndalama mwezi uliwonse kukonzekera denga limene lidzafunike zaka 15 zikudzazo. Koma ndani amafuna kulipirira denga limene mwina sadzagona pansi pake? Gogo wopuma pantchito, amene penshoni yake siikwera, amavota kuti chopereka chisakwere. Wachinyamata amene akufuna kugulitsa pakatha zaka zitatu amavota chimodzimodzi, chifukwa chopereka chotsika chimakopa ogula. Amene adagula kuti azichititsa lendi, ndipo sakhala nkomwe pamalopo, amavotanso motero. Wa komiti amene anena zoona amachotsedwa pa chisankho chotsatira, ndipo amakumana ndi omudawo m'chikepe m'maŵa uliwonse. Palibe woipa pakati pa anthu ameneŵa, aliyense ali ndi chifukwa chomveka, komabe onse pamodzi amafika pa chigamulo cholakwika. Chigawo cha Illinois chidalamula kuti kuyambira 1990 mabungwe otere azisunga ndalama zokwanira, koma lamulolo silidatchule kuchuluka kwake, ndipo lidasiya khomo loti eni angathe kulipeŵa ngati magawo aŵiri mwa atatu avomereza. Ndalama zikasoŵa pa tsiku la tsoka, komiti imaitanitsa msonkhamsonkha wapadera, ndipo kalata yake imatha kufuna kwa banja limodzi madola zikwi makumi angapo.

Marina City idali ndi chovuta china chakechake. Pogulitsa mu 1977, zogona zokha ndizo zidapita kwa eni zipinda. Masitolo, maofesi, nyumba ya zisudzo ndi mosungira magalimoto zidatsala m'manja ena. Mzinda m'kati mwa mzinda udang'ambika paŵiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mbali ya malondayo idagwa mphwayi ndi ngongole, masitolo adatsekedwa, ndipo eni zipinda adapezeka akukhala pamwamba pa malo ongowonongeka amene sadali awo ndipo sakadatha kuwakonza. Mitengo ya zipinda idavutika nazo. Zinthu zidasintha pamene wogula watsopano adabwera pakati pa zaka za m'ma 1990: nyumba ya zisudzo idasanduka malo a zoimbaimba a House of Blues mu 1996, ya maofesi idasanduka hotela mu 1998, ndipo pamene padali bwalo la madzi oundana padamangidwa malo odyera nyama. Malowo adatsitsimuka, koma zina mwa zimene anthu a mu 1962 adazitcha ulemerero zidapita osabwereranso.

Pamene eni adali kulimbana ndi dzimbiri, ulemerero weniweniwo udasamuka. Udachoka m'zinthu za pamodzi nkuloŵa m'kati mwa chitseko cha munthu. Wogula wa ndalama wa m'zaka za m'ma 2000 sankafunanso kukwera chikepe ndi dengu la zovala kupita ku chipinda chochapira, ngakhale chikhale ndi mazenera okongola motani. Ankafuna makina ake m'nyumba mwake, ndipo mapaipi a nyumba zambiri zakale sadapangidwire zimenezo. Ankafuna chipinda chogona chilichonse chikhale ndi bafa lake. Khitchini, imene kale idali malo obisika, idasanduka pabalaza penipeni pochezera alendo, yokhala ndi tebulo la mwala pakati. Denga lidayenera kukwera kufika mamita atatu, pamene nyumba za m'ma 1960 zidalekera pa mamita aŵiri ndi theka kapena kuchepera. Magalimoto adakula, malo oimikapo akale nkuchepa. Kuyambira 2020, pamene mliri wa Covid-19 udaphunzitsa anthu kugwirira ntchito kunyumba, padafunikanso chipinda cha ofesi. Makabati ndi matailosi munthu angathe kusintha, ndipo ena ku Marina City adagula nyumba ziŵiri zoyandikana nkuboola khoma. Koma denga la konkire silikwezeka, ndipo mzati suchoka pamene udaima.

Zatsopano zidamera pafupi pomwepo. Chinyumba cha Trump chidamalizidwa mu 2009 kungodumpha nyumba imodzi kuchokera pa zitsononkhozo. Kutsidya kwa mtsinje kudabwera Aqua, ndipo mu 2020 St. Regis ya nsanjika 101, zonse ziŵiri zolembedwa ndi mai Jeanne Gang. Nazonso zili ndi chopereka chokwera, mwinanso kuposa zakale, koma wolipira kumeneko amaona chimene akugula: dziŵe, malo olimbitsira thupi, antchito ovala bwino. Wa m'nyumba yakale amalipira ndalama zambiri kuti zinthu zingokhala monga zidaliri dzulo. Paipi yatsopano ya m'khoma palibe mlendo amaiyamikira.

Apa mpamene msika umaŵeruza mopanda chisoni. Wogula saŵerengera mtengo wa nyumba wokha, amaŵerengera zimene zidzatuluke m'thumba mwake mwezi uliwonse. Kungoyerekeza, munthu amene angathe kutulutsa madola 2,000 pamwezi, ngati chopereka ndi msonkho zikudya 900, watsala ndi 1,100 yokha yobwezera ngongole, ndipo banki idzamkongoza molingana ndi imeneyo. Chopereka chikakwera, mtengo wa chipinda umatsika. Nchifukwa chake ku Chicago munthu amatha kupeza nyumba yoyang'ana nyanja, pa msewu wa anthu olemera, pa mtengo wodabwitsa kutsika kwake, ndipo akafunsa za chopereka amatuluka mwakachetechete. Amene adagula kuti nyumbayo idzakhale chuma cha ukalamba wawo amapeza kuti zaka 20 zapita mtengo usadasunthe kwenikweni.

Eni ena adafika potopa. M'zaka za m'ma 2010 ku Chicago kudabuka mchitidwe wobwerera m'mbuyo: eni onse kugulitsa nyumba yonse kwa kampani imodzi kuti iisandutsenso yalendi. Lamulo la Illinois linkati eni okwana 75 pa 100 alionse akavomera, otsalawo ayenera kugulitsa nawo ngakhale asafune. Chitsanzo chodziŵika ndi River City, nyumba ina ya Goldberg yemweyo, yokhotakhota ngati njoka, yomalizidwa mu 1986 m'mphepete mwa nthambi ya kumwera ya mtsinje womwewo. Idayamba ngati yalendi, idagulitsidwa kwa eni zipinda m'zaka za m'ma 2000, madzi osefukira adaiononga mu 2010, ndipo mu 2018, patatha mikangano ndi mavoti obwerezabwereza, idagulidwa yonse pa madola pafupifupi 90 miliyoni. Kwa amene adali ndi zipinda zingapo zochititsa lendi adali malonda abwino. Kwa okalamba amene adaganiza kuti adzafera m'nyumba zawo kudali kusamutsidwa ndi mavoti a anansi. Madandaulo adachuluka kotero kuti mu 2019 khonsolo ya mzinda idakweza chiŵerengerocho kufika pa 85.

Mtengo wa kuzengereza udaonekera kutali ndi Chicago. Usiku wa pa 24 June 2021, ku Surfside m'chigawo cha Florida, mbali yaikulu ya nyumba ya nsanjika 12 yotchedwa Champlain Towers South idagwa anthu ali m'tulo, ndipo 98 adafa. Idamangidwa mu 1981 m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Mu 2018 katswiri adalemba kuti konkire ya pansi pa bwalo la dziŵe losambiramo idaonongeka kwambiri. Padapita zaka pafupifupi zitatu za kukambirana ndi kusinthasintha kwa komiti, ndipo msonkhamsonkha wa madola 15 miliyoni udavomerezedwa miyezi yochepa nyumbayo isanagwe. Chilungamo chifuna kunenanso kuti ofufuza a boma adapeza kuti bwalolo lidali lofooka kuyambira pa mapulani ndi pomanga, choncho mlandu suli pa eni okha. Komabe dziko lonse lidadzidzimuka. Mu 2022 Florida idalamula kuti nyumba za nsanjika zitatu kapena kuposa zizipimidwa zikafika zaka 30, ndipo idatseka khomo lovotera kusasunga ndalama za mizati ndi denga. Chopereka m'nyumba zambiri zakale chidalumpha nthaŵi imodzi, zipinda zambiri zidaikidwa pa msika, ogula nkusoŵa. Mabungwe aŵiri aakulu amene amagula ngongole za nyumba kwa mabanki, Fannie Mae ndi Freddie Mac, adayamba kukana ngongole za m'nyumba zimene zili ndi zokonza zikuluzikulu zosachitika, ndipo lamulo limeneli lidakhudza Chicago ndi mizinda ina yonse. Nyumba imene yazengereza kukonza imapezeka kuti ogula ake sangapeze ngongole, ndipo eni ake sangathe kuthaŵamo.

Zitsononkho za Goldberg zidapulumuka zonsezi, ndipo chimene chidazithandiza nchomwe ogula olemera adachikana. Chifukwa zipinda zake nzazing'ono, gawo la munthu aliyense pa ndalama zokonzera nlochepa, ndipo mtolo umagaŵidwa pa mitu pafupifupi 900. Zidasiya kukhala nyumba za apamwamba, nkusanduka imodzi mwa njira zotsikirapo mtengo zokhalira pakati penipeni pa mzinda, kwa achinyamata oyamba ntchito, kwa okalamba, ndi kwa okonda luso la zomangamanga amene amasunga dala makabati achitsulo a mu 1962. Anthu amene McFetridge ankawafuna, a malipiro apakati ogona mumzinda, ndi amene akukhalamo.

Goldberg adamwalira mu 1997. Mu 2016 khonsolo ya mzinda idaika Marina City pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa monga mbiri ya Chicago. Udali ulemu waukulu, ndipo udabwera ndi zake: kuyambira pamenepo kusintha kulikonse kwa maonekedwe akunja kuyenera kuvomerezedwa ndi akuluakulu oyang'anira nyumba zakale, kotero kuti khonde likaonongeka liyenera kubwezeredwa monga lidaliri, ngakhale patapezeka njira ina yotsika mtengo. Makonde amenewo amajambulidwa tsiku lililonse ndi alendo odutsa pa mabwato, ndipo kalata ya ndalama zokonzera imapita kwa eni zipinda.